Chinathetsa bandi ya Alabama n'chiyani, nanga anafika bwanji posumira woimba ng'oma wawo?

Funso: Bambo anga anali ndi makaseti ambiri a country, a Don Williams, a Kenny Rogers, ndi ena a gulu lotchedwa Alabama, la amuna anayi a tsitsi lalitali. Posachedwa ndamva kuti gululi linatha ndipo atatu anakasumira mnzawo woimba ng'oma. Kodi n'zoona? Zinayenda bwanji kuti anthu otchuka chonchi afike pamenepo? Ndikufunsa chifukwa inenso ndimaimba ng'oma kuno ku Lilongwe m'bandi ya anyamata atatu apachibale. Wobwera ndine ndekha, ndipo tsopano tayamba kupeza kangachepe.

Yankho: Achimwene, zimene mwamvazo n'zoona. Mu 2008 kampani ya gululi, yomwe eni ake anali asuweni atatu, inakasumira Mark Herndon, munthu amene anawaimbira ng'oma kwa zaka 25. Koma pali nkhani ziwiri apa zomwe anthu amazisakaniza. Kusiya kuimba mu 2004 kunachitika mwamtendere, anatsanzika bwinobwino. Mlandu unabwera patatha zaka zinayi, ndipo unangovundukula chimene chinalipo kuyambira tsiku lomwe Herndon analowa m'gululi: pazithunzi anali anayi, pamapepala anali atatu. Popeza inuyo mwakhala pampando wonga womwe iye anakhalapo, ndifotokoza mwachifatse, kuyambira kumayambiriro, chifukwa muzu wa nkhaniyi uli m'zaka zomwe Herndon anali asanabwere n'komwe.

Gululi ndi la ku Fort Payne, tauni yaing'ono ya kumpoto chakum'mawa kwa chigawo cha Alabama ku America, yomwe kale inkadziwika ndi mafakitale a masokosi. Randy Owen ndi Teddy Gentry anakulira m'minda ya thonje pa phiri la Lookout Mountain, m'mabanja osauka, ndipo kuimba anakuphunzirira kutchalitchi. Msuweni wawo wina, Jeff Cook, anali katswiri wa zida. Gitala, vayolini, kiyibodi, zonse ankazitha, ndipo anayamba kugwira ntchito pa wailesi ya kwawoko akadali pasukulu. Atatuwa anayamba kuimba limodzi mu 1969 ndi dzina loti Young Country. Mu 1972 anasintha n'kukhala Wildcountry. Nthawi imeneyo kuimba sikunkawadyetsa. Owen anali ku koleji ya Jacksonville State, Gentry ankayala makapeti m'nyumba za anthu, Cook nayenso anali pantchito.

Mu 1973 anasiya zonsezo n'kupita ku Myrtle Beach, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina, kukaimba m'bala yotchedwa The Bowery. Apa ndi pomwe ndikufuna muyang'anitsitse. Ankaimba masiku 6 pa sabata, maola ambirimbiri usiku uliwonse, ndipo chachikulu chomwe ankadalira ndi kufupidwa ndi makasitomala. Munthu wodalira kufupidwa sasankha nyimbo. Wina akaitanitsa ya country, muimbe. Wina akafuna ya rock, muimbe. Wina akatchula yovina ya pa wailesi sabata imeneyo, muiphunzire msanga. Chaka ndi chaka, nyengo yotentha ikafika, ankabwerera m'bala yomweyo mpaka 1980. N'kumeneko komwe mawu awo atatu analukana mpaka kumveka ngati a munthu mmodzi, Owen patsogolo, Gentry ndi Cook akumuthira m'mbali. N'kumenekonso komwe anaphunzira kusakaniza country ndi mphamvu ya rock, chinthu chomwe pambuyo pake chinawasiyanitsa ndi wina aliyense ku Nashville, mzinda womwe ndi likulu la nyimbo za country.

M'zaka zonsezi oimba ng'oma ankabwera n'kupita. Analipo Bennett Vartanian, analipo Rick Scott, ndi ena. Wina akatopa ndi umphawi wa m'bala ankachoka, atatu aja n'kufunafuna wina. Choncho m'mitu mwawo munakhazikika kale kuti gulu ndi iwo atatu, ndipo ng'oma ndi mpando womwe amakhalapo aliyense amene wapezeka. Herndon anabwera mu 1979. Anali wobadwira ku Massachusetts, kumpoto kwenikweni, mwana wa msilikali, ndipo ankaimba rock, osati country. Pomwe ankafika, asuweni anali atavutika limodzi zaka 10.

Panalinso china chomwe chinawaumitsa mtima pa nkhani za mapepala. Mu 1977 anasaina ndi kampani yojambula nyimbo ya GRT, yomwe inawauza kuti asinthe dzina, n'kukhala Alabama. Kampaniyo inagwa, koma kontirakiti inali ndi ndime yowaletsa kujambula ndi kampani ina. Anayenera kusonkha ndalama za m'bala kuti adziwombole. Anthu amene analumidwapo chonchi amagwiritsitsa chilichonse chomwe ndi chawo, ndipo sindiwaona olakwa pamenepo. Atamasuka anajambula ndi kampani yaing'ono ya MDJ, nyimbo zawo ziwiri zinamveka pa mawailesi, ndipo mu 1980 kampani yaikulu ya RCA inawatenga.

Kuti mumvetse chomwe chinachitikira Herndon, muyenera kudziwa mmene Nashville inkagwirira ntchito. Country inali ya woimba mmodzi wotchuka. A Don Williams ndi a Kenny Rogers a m'makaseti a bambo anu ndi chitsanzo: dzina limodzi, nkhope imodzi. Zida za m'chimbale zinkaimbidwa ndi akatswiri a m'situdiyo, kagulu kochepa ka anthu omwewo amene ankajambulira pafupifupi aliyense, olipidwa pa ntchito ya tsikulo basi. Woimbayo akapita kukaimba kwa anthu ankatenga bandi ina, ya pamsewu, yolandira malipiro, yomwe maina ake sankadziwika. Magulu analipo, monga Statler Brothers ndi Oak Ridge Boys, koma anali magulu a mawu, anthu oima pa maikolofoni, zida zikuimbidwa ndi ena kumbuyo. Makampani sankakhulupirira kuti bandi yodziimbira zida ingagulitse nyimbo za country. Ngakhale pa chionetsero cha oimba atsopano cha mu 1980 ku Nashville, chomwe chinawatsegulira khomo la RCA, asuweniwo anaimba ndi akatswiri a zida omwe anawapeza komweko.

Alabama inaswa mwambo umenewu, koma inauswa theka. Pamaso pa anthu inali bandi yeniyeni: amuna anayi, tsitsi lalitali, majinzi ndi matisheti, magitala m'manja, magetsi ndi zokuzira mawu zamphamvu ngati za oimba rock. Achinyamata amene ankaona country ngati nyimbo za makolo awo anayamba kudzaza masitediyamu. Koma m'situdiyo, pansi pa wojambula Harold Shedd, akatswiri aja ankagwirabe ntchito yambiri, makamaka pa ng'oma. Ndiye kuti Herndon ankamveka kwambiri pa siteji kuposa m'chimbale, pomwe nkhope yake inali pachikuto cha chimbalecho pamodzi ndi enawo.

Kutchuka kwawo kunali kodabwitsa. Nyimbo yawo yoyamba ku RCA, Tennessee River, inafika pa nambala 1 mu 1980, ndipo kuchokera pamenepo mpaka 1987 nyimbo 21 motsatizana zinafika pamwamba pa tchati cha country. Zimbale za Feels So Right mu 1981, Mountain Music mu 1982 ndi The Closer You Get mu 1983 zinagulidwa mamiliyoni. Bungwe la Country Music Association linawapatsa mphoto yake yaikulu, ya msangalatsi wa chaka, mu 1982, 1983 ndi 1984, ndipo linali gulu loyamba kuilandira. Anapatanso mphoto ziwiri za Grammy. Mu 1989 bungwe la Academy of Country Music linawatcha oimba opambana a zaka khumi zonsezo. Sanaiwale kwawo: kuyambira 1982 mpaka 1997 ankachititsa phwando la nyimbo la June Jam ku Fort Payne, ndalama zake n'kupita ku ntchito zachifundo. Magulu ambiri omwe anabwera pambuyo pawo, a Restless Heart, a Shenandoah, a Diamond Rio, a Lonestar, analowera pakhomo lomwe Alabama inatsegula.

Tsopano ndalama. Anthu akamaona bandi pa siteji amaganiza kuti thumba ndi limodzi, koma ndalama ya nyimbo imalowera m'makomo angapo, ndipo khomo lililonse lili ndi mwini wake. Wopeka nyimbo amalandira yake nthawi iliyonse imene nyimboyo yaulutsidwa kapena kugulidwa. Ku America, mawailesi wamba amalipira wopeka ndi kampani yosunga nyimbo zake, oimba zida salandirapo kanthu. Owen ndi amene anapeka zina mwa nyimbo zazikulu za gululi, monga Tennessee River, Feels So Right ndi Mountain Music, choncho ngakhale pakati pa asuweni okhaokha matumba sankafanana. Ndalama ya malonda a chimbale imapita kwa amene anasaina kontirakiti ndi kampani. Ndalama ya pakhomo ndi ya matisheti, zipewa ndi zithunzi imapita kwa mwini dzina la gulu, yemwe amalipira antchito ake n'kusunga yotsala. M'makomo onsewa asuweni anali eni. Herndon anali wolembedwa ntchito. M'buku lake lomwe anatulutsa mu 2016 anadandaula zomwezi, kuti malipiro ake sankagwirizana ndi kutchuka kwa gulu, ndiponso kuti ankakhala ngati mlendo pakati pa anthu amene dziko linkawayesa abale ake.

Kutha kwa 2004 sikunabwere ndi ndewu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunatuluka mbadwo watsopano, a Garth Brooks, a Clint Black, a Alan Jackson, ndipo mawailesi anayamba kutembenukira kwa iwo. Alabama inapitirizabe kuchita bwino kwa zaka zingapo, koma nyimbo yawoyawo yomaliza kufika pa nambala 1 pa tchati cha magazini ya nyimbo ya Billboard inali mu 1993. Pofika 2002 asuweni onse anali atafika zaka 50, atakhala zaka pafupifupi 30 akugona m'mabasi ndi m'mahotela. Owen ndi Gentry anali ndi mafamu a ng'ombe kwawo omwe ankawakoka mtima. Gentry anachita kufika poyambitsa mtundu wake wa ng'ombe, wotchedwa South Poll, wopirira kutentha komanso wonenepa ndi udzu wokha. Mu Meyi 2002 analengeza kuti ayenda ulendo wotsanzika. Unatenga 2003 ndi 2004, ndipo anamalizira ku Bismarck, North Dakota, mu Okutobala 2004. Chaka chotsatira analowetsedwa mu Country Music Hall of Fame, ulemu waukulu kwambiri m'nyimbozi, ndipo analowa onse anayi. Ku Fort Payne kuli ziboliboli zawo zamkuwa, nazonso zinayi.

Vuto la bandi ikasiya kuyenda ndi loti eni ake amapitiriza kudya, wantchito amatsala manja ali m'khosi. Nyimbo zakale zimaulutsidwabe, zimbale zimagulidwabe, dzina limagulitsabe katundu. Malipiro a wantchito amathera tsiku la shoo yomaliza. Ndiye nthawi yowerengera zotsala itafika, mkangano unabuka. Kampani ya gululi inati Herndon anapatsidwa ndalama zopyola muyeso pa gawo lomwe anamulonjeza la ndalama za katundu wogulitsidwa pa ulendo wotsanzika uja, chifukwa anamulipira maakaunti asanatsekedwe, ndipo inkafuna abweze madola oposa 200,000. Herndon anakana, n'kunena kuti iyeyo ndi amene gulu linali naye ngongole, pa chimbale chojambulidwa pa ulendo womwewo. Taonani kuti sankakanganirana nyimbo kapena luso. Ankakanganirana tanthauzo la gawo lomwe analonjezana, kuti liwerengedwe ndalama zolowa zisanachotsedwe zowonongedwa kapena zitachotsedwa, ndiponso kuti likhudze zinthu ziti.

Chomwe chinapweteka anthu okonda gululi kuposa mlandu ndi mawu amene Owen anauza nyuzipepala mu 2013. Iye anati Herndon sanakhalepo membala wa Alabama, kuti sankaimba m'zimbale, ndipo kuti ndi kampani ya RCA yomwe inkafuna nkhope zinayi pazithunzi kuti gululi lizioneka ngati Beatles, bandi yotchuka ya anyamata anayi ya ku England. Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Pa umwini, asuweni anali ndi mfundo. Iwo ndi amene anasiya ntchito mu 1973, iwo ndi amene anadziwombola ku GRT, mawu omwe anthu ankagula anali awo, ndipo palibe lamulo loti wobwera chaka chimodzi mwayi usanagwe apatsidwe gawo lofanana. Koma kunena kuti munthuyo sanali wa m'gulu n'kulakwa, ndipo kumandiwawa. Kwa zaka 25 anagulitsa matikiti, zimbale ndi matisheti ndi nkhope zinayi. Chomwe chinawasiyanitsa ndi magulu a mawu okhaokha n'choti anali bandi, ndipo bandi yopanda woimba ng'oma wake si bandi. Kamenyedwe ka rock komwe kankanyamula masitediyamu kankachokera m'manja mwa Herndon. Munthu amene mwalima naye munda umodzi zaka 25, alendo akabwera n'kumamuonetsa ngati mwana wa pakhomo, simungadzamutche waganyu tsiku logawa zokolola popanda kumuswa mtima, ngakhale mapepala atakuvomerezani.

Kuti atatuwo sanathe kwenikweni zinaoneka mu 2011. Pa 27 Epulo chaka chimenecho mphepo zamkuntho zoopsa zinasakaza chigawo cha Alabama n'kupha anthu oposa 200, kuphatikizapo a m'boma lomwe muli Fort Payne. Asuweni anakumananso kukaimba ku Birmingham, mzinda wa m'chigawo chomwecho, pofuna kupeza thandizo la ovutikawo. Chaka chomwecho anaimba nawo m'nyimbo yowalemekeza ya woimba country Brad Paisley, yomwe inafika pa nambala 1. Mu 2013 anayambanso kuyenda, pokumbukira zaka 40 chipitireni ku The Bowery, ndipo mu 2015 anatulutsa chimbale chatsopano. Pa ng'oma panakhala anthu ena olembedwa ntchito, ndipo ulendo uno zithunzi zinali za atatu.

Mukayerekeza ndi mmene anachitira ndi Jeff Cook, mumaona kulemera kwa magazi. Mu 2017 Cook anaulula kuti akudwala matenda a Parkinson's, omwe amanjenjemeretsa manja, tsoka lalikulu kwa munthu wa gitala ndi vayolini. Atalephera kuyenda nawo maulendo onse, anzake anapeza ena oimba mbali zake, koma maikolofoni yake ankaiimikabe pa siteji, kuti tsiku lomwe wapezako bwino abwere adzaime pamalo pake. Palibe amene anafunsa ngati akadali membala. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Cook anamwalira pa 7 Novembala 2022 ali ndi zaka 73, ndipo Owen ndi Gentry anapitiriza kuimba ndi dzina lomwelo. Mu Ogasiti 2025, ku Huntsville m'chigawo cha Alabama, Herndon anakweranso pa siteji n'kuimba nawo nyimbo imodzi, koyamba patatha zaka pafupifupi 20. Zinali zokoma kumva, ngakhale Cook sanakhalepo kuti aone.

Tsopano za inu, achimwene. Sindikunena kuti anzanuwo ali ndi mtima woipa, ndipo musapite kwa iwo ndi nkhope ya mlandu. Asuweni a Alabama sanakhale pansi kukonza zoti adzapondereze munthu. Chinachitika n'choti aliyense anali ndi chithunzi chake m'mutu, atatu akuona wantchito wokhulupirika, mmodzi akudziona ngati wachinayi, ndipo ndalama zitachuluka kukambirana kunavuta kuposa kale. Inuyo muli pa nthawi yabwino, pomwe ndalama ikadali yochepa moti kuikamba sikungaphe chibwenzi. Dziwaninso kuti apachibale amakambirana za bandi kumaliro, kuukwati, pakhonde kwa amayi awo, malo omwe inu simupezekako. Zambiri zimagamulidwa kumeneko popanda wina kufuna kukubisirani.

Choncho afunseni funso limodzi lolunjika, nonse anayi muli pamodzi: kodi ine ndine mwini nawo wa bandiyi, kapena ndine wolembedwa ntchito? Yankho lililonse mwa awiriwa ndi labwino, bola likhale lomveka ndipo lilembedwe papepala lomwe aliyense asaine n'kusunga lake. Akati ndinu mwini nawo, pepalalo linene gawo lanu pa ndalama ya pakhomo, ndipo linene poyera kuti mukugawana zitachotsedwa ziti: transipoti, kubwereka zida, holo, zotsatsa. Mawu amenewa ndi omwe anafikitsa Alabama kukhoti. Linenenso mwini dzina la bandi, mwini zida zomwe mwagula ndi ndalama ya gulu, ndi chomwe munthu amatenga akachoka kapena akachotsedwa. Pa nyimbo zomwe mwathandiza kupeka, onetsetsani maina omwe akulembedwa pokalembetsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, chifukwa oimba ng'oma ambiri amaumba nawo nyimbo pa pulakatisi koma dzina lawo silifika papepala. Ndipo mukalowa m'situdiyo, limbikirani kuti ng'oma za m'chimbale zikhale zanu. Masiku ano wojambula amangopanga ng'oma pa kompyuta kuti asunge nthawi, ndipo tsiku lina wina adzanena kuti inu simunaimbemo.

Akati ndinu wantchito, musachite manyazi kapena kukwiya. Akatswiri ambiri a ku Nashville akhala moyo wabwino ndi ntchito yotere. Koma zikatero mtengo wanu ukhale wodziwika pa shoo iliyonse, muzilandira kaya anthu abwera kaya sanabwere, popeza kuluza ndi kwa eni ake monga mmene phindu lilili lawo. Mukhale womasuka kuimbira magulu ena masiku omwe bandiyi ilibe ntchito. Ndipo akafuna kuika nkhope yanu pa positala, pa tisheti kapena pachikuto cha chimbale, chimenecho chikhale ndi mtengo wakewake, wogwirizana chithunzicho chisanajambulidwe.